Madzi tawaphunzira, nanga moto?

Madzi osefukira a mu Januwale 2015, kenako namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, aphunzitsa anthu a kwa Ndamera kuuwerenga mtsinje wa Shire. Lero makomiti a ngozi m'midzi amadziwa kothawira ndi woyamba kumunyamula, ndipo lamulo la 2023 loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi lawapatsa poima. Apa tayenda ndithu. Koma mvula ikangokata makomitiwa amapinda manja, chonsecho mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuchigwa kuno kumapyola madigiri 40, chilichonse chitauma gwaa.

Tasuzumirani kuseri kwa misika, kuyambira ku Marka mpaka ku Bangula. Makatoni, majumbo, mankhusu a mpunga ochokera kuchigayo, utuchi wa akalipentala, zonsezi dzala lake ndi limodzi. Madzulo mayi wa mandasi akhuthulira pomwepo phulusa la m'mbaula, khala likadali psuu m'kati. Zigubu za petulo wa pamsewu nazo sizikhala patali.

Ndiye si moto wonse umadza ndi machesi. Mulu waukulu wa zotsalira za mbewu ukanyowa pang'ono umayamba kuwola n'kufunda m'kati. Kutenthako kukasowa potulukira, muluwo umanyeka wokha kuyambira pakati, kunja kukuoneka bwinobwino, mwina kautsi chabe m'mamawa. Mafakitale a shuga kulikonse amalidziwa vutoli, poti zotsalira za nzimbe, zonga zimene amasonkhezera maboila ku Nchalo, zimasungidwa milumilu. Thonje ndiye loposa: nthethe imodzi ikalowa m'belo imatha kudya mwakachetechete kwa masiku, n'kudzalilima usiku m'shedi anthu ali mtulo.

Wodzatizimitsira palibe. Magalimoto a ozimitsa moto amakhala ndi makhonsolo a mizinda, ndipo kuti imodzi ichoke ku Blantyre, itsike Thabwa, iyende makilomita oposa 150, idzapeza phulusa litazizira kale. Nawo a mumzindamo utsi wa kumtaya wa Mzedi ukuwatsamwitsa chaka ndi chaka, magalimotowo ali nawo pafupi.

N'chifukwa chake tikuti ntchito ya chilimwe chikudzachi ili m'manja mwa khonsolo ya Nsanje ndi mafumu, ndipo si yofuna ndalama za mabungwe. Chiphaso chomwe amalonda amadula tsiku lililonse chikwanitse kukumba dzenje la phulusa lapadera, kutali ndi la zinyalala. Milu ikhale ing'onoing'ono, yotalikirana, yotembenuzidwa kuti ipume, ndipo mozungulira mashedi ndi nkhokwe mulambulidwe udzu usanaume. Mitengo ya thonje, yomwe alangizi amati izulidwe n'kutenthedwa pothana ndi mbozi, itenthedwe m'mawa mphepo isanadzuke, anthu ali pomwepo ndi makasu. Makomiti aja ali kale ndi mayina a mabanja, mawezulo ndi zimkuzamawu. Gogo chalo Ndamera awaitanitse mu Julayi, ayende msika ndi msika, alembe mulu uliwonse ndi dzina la mwini wake.