Tisanamange nsanja pa Liwonde, tiyambe tawerengera mtengo

Werengani: Luka 14:28-30, 1 Timoteo 6:6-10

Aliyense amene wadutsa pa baraji ya Liwonde m'zaka zaposachedwazi waona kuti malowa akusintha. Mtsinje wa Shire, umene umalekanitsa boma la Machinga ndi la Balaka, tsopano ukukoka alendo ochokera kutali. Chiyambire 2015, pomwe bungwe la African Parks lidayamba kusamalira nkhalango ya Liwonde mogwirizana ndi boma, mikango idabwezeretsedwamo mu 2018, zipembere 17 zidafika kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo njovu zidaswana mpaka zina kusamutsidwira ku Kasungu mu 2022. Njanji ya ku Nacala imadutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi. Pamwamba pa izi, potsatira masomphenya a Malawi 2063, boma lidaika Liwonde m'gulu la matauni asanu ndi atatu amene likufuna kuwakuza kuti akhale mizinda.

Ife tonse tikulakalaka kuti zimenezi zitheke. Mnyamata wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe amene lero akusonkha ndalama ya ulendo wa ku Joni akadakonda kupeza ntchito kwawo konkuno. Funso limene latsala ndi lakuti: kodi udzakhala mzinda wotani? Anthu akamakamba za mzinda wa alendo, ambiri chimene chimawabwerera m'maganizo ndi zithunzi za pa kanema: mahotela osanjikizana, masitolo onyezimira, ndi nyumba ya juga pakati pake. Tisanasirire, tiyeni tione kumene zoterezi zidamangidwa kale.

Mu Disembala 2009, ku Las Vegas, mzinda wa juga wa m'chipululu cha Nevada ku America, kudatsegulidwa chimalo chotchedwa CityCenter. Eni ake adali kampani ya MGM Mirage ndi ya Dubai World, ndipo chidadya madola pafupifupi 8.5 biliyoni. M'katimo mudali hotela ya Aria ya zipinda 4,004 ndi kasino yake, mahotela ena, nyumba zogulitsa kwa anthu olemera, ndi masitolo a katundu wamtengo wapatali. Udali mzinda m'kati mwa mzinda.

Komatu paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pomanga malowa anthu asanu ndi mmodzi adafera pa ntchito, mwakuti mu Juni 2008 anzawo adataya zida pansi kufuna chitetezo. Kumayambiriro kwa 2009 eni ake awiriwo adatengerana kukhoti, ntchito yonse itatsala pang'ono kugwa kaamba ka ngongole. Ndipo pakhomo penipeni pa malowa padaima hotela ya Harmon, imene idayenera kukhala ya nsanjika 49. Oyendera ntchito adapeza kuti zitsulo zolimbitsa konkire zidaikidwa molakwika. Nyumbayo idalekezedwa pakati, siidagonekepo mlendo ngakhale mmodzi, ndipo pofika 2015 idali itagwetsedwa pang'onopang'ono kuyambira pamwamba.

Tikamawerenga fanizo la Ambuye Yesu la munthu amene adayala maziko a nsanja n'kulephera kuimaliza, anthu n'kumamuseka, timaganiza za mnzathu wa m'mudzi amene nyumba yake idaima pa mawindo. Ku Harmon adalephera ndi anthu amene adali ndi akatswiri onse ndi mabanki onse pambuyo pawo. Pamene CityCenter inkatsegulidwa, mabanja ambirimbiri a ku Nevada ankalandidwa nyumba polephera kubweza ngongole, ndipo chaka chotsatira anthu oposa 13 mwa 100 aliwonse kumeneko adali pa ulova.

Mtengo wina suoneka m'mabuku a omanga. Zoona, masiku ano mahotela aakulu a ku Las Vegas amapeza zambiri pa zipinda, chakudya ndi zisangalalo kuposa pa juga, koma muzu wa mzindawo ndi juga basi. Ndipo juga ili ndi masamu ake. Pa gudumu limene amati roulette, la ku America lili ndi timabowo 38, koma wopata amalandira ngati timabowo tilipo 36. Kusiyana kwakung'onoko kumatanthauza kuti pa K100 iliyonse imene anthu aponya, mwini nyumba amatsala ndi K5 ndi kakusintha. Sabera munthu, sasowanso mwayi, amangodikira. Magetsi onse aja amayaka ndi ndalama za anthu amene adaluza.

Pafupi ndi kwathu kuno, abale athu a ku Joni amaidziwa Sun City. Idatsegulidwa mu 1979 ndi Sol Kerzner m'dera la Bophuthatswana, moyandikana ndi nkhalango ya nyama ya Pilanesberg, monga momwe tauni ya Liwonde yayandikanira ndi nkhalango yake. Adaimanga kumeneko chifukwa boma la tsankho lidaletsa makasino m'madera a azungu, ndiye chimene ankachiyesa chonyansa kwawo adakachiika pakhomo pa anthu akuda. Ntchito zidapezekadi, tisakane. Koma lamulo litasintha mu 1996, makasino adamera mu Johannesburg momwemo, otchova juga adaleka kuyenda ulendo wautali, ndipo Sun City idayamba kudalira mabanja okasangalala ndi misonkhano. Chimene chidatsala chokopa anthu mosatha ndi nyama, madzi ndi mapiri, zimene ife pa Liwonde Mulungu adatipatsa kale ulere.

Wina anganene kuti tikuopa chithunzithunzi, popeza pa Liwonde palibe Aria kapena Sun City. N'zoona. Koma kasino idafika kale popanda kuthira ndi thumba limodzi lomwe la simenti. Ili m'timashopu ta kubetcha pa Balaka ndi pa Liwonde, ndipo ili m'foni ya mwana wathu. Wa kabaza amapalasa tsiku lonse padzuwa la ku Balaka, madzulo n'kuponya ya ndiwo pa matimu a ku England amene sadzawaona ndi maso. Masamu ake ndi omwe aja a gudumu. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Las Vegas amaluza ndi mlendo amene wabwera ndi zotsala, pamene kuno amaluza ndi bambo amene kunyumba kwake ufa watha. Lamulo la mu 2022 lidakhazikitsa bungwe la MAGLA kuti liziyang'anira juga, ndipo ana osafika zaka 18 saloledwa. Koma foni ya m'nyumba siifunsa chiphaso pamene mayi ali kumunda.

Ifenso a mpingo tisadziyeretse msanga. Tikamauza wosauka kuti aponye mbewu ya K5,000 kuti Mulungu ambwezere K500,000, tamuphunzitsa kale mtima wa juga, kungoti tauveka jekete. Paulo polembera Timoteo sadadzudzule ndalama ayi. Adachenjeza za kuikonda ndi za kufunitsitsa kulemera, kumene kumakola munthu ngati msampha. Pa nkhani iyi abale athu Achisilamu, amene ndi ambiri ku Machinga, sitisiyana nawo, pakuti chipembedzo chawo chimaletsanso juga. Abusa, ansembe ndi mashehe angathe kukhala pa mkeka umodzi.

Tsiku lidzafika pamene anthu a ndalama adzabwera ndi mapepala a zithunzi zokongola kwa mafumu athu, a Liwonde ndi a Sitola kutsidya lino, a Kalembo ndi a Amidu kutsidya linalo, komanso ku makhonsolo. Tidzawalandire bwino, pakuti mlendo sathamangitsidwa. Koma Akhristu amene ali m'makomiti a chitukuko a m'midzi adzafunse poyera: malo a m'mbali mwa Shire amene mukufunawo akulima ndani lero, nanga adzapita kuti? Asodzi ndi amayi otunga madzi adzafikabe padooko? Ana athu adzangokhala alonda ndi ochapa mbale, kapena mudzawaphunzitsa kuyendetsa ntchito? Ntchitoyo ikaima pakati, chigobacho adzachotsa ndani? Ndipo ngati m'mapulanimo muli chipinda cha juga, atiuze chimene chidzatsale cha hotelayo chipindacho chikachotsedwa.