Madzi a ku Dowa ndi Ntchisi ayezedwe migodi isanafike

Kampani ya Eland itasiya kukumba malasha ku Mwabulambo m'boma la Karonga mu 2015, maenje sadakwiriridwe. Adatsala ali yasa, mvula ikagwa n'kumadzaza madzi, milu ya malasha ili pambali. Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti la migodi ya ku Karonga, ndipo dandaulo lomwe lidamveka kwambiri lidali la madzi. Amayi ankatunga osadziwa ngati akumwetsa ana chinthu chabwino, alimi ankadera nkhawa minda yawo ya mpunga, ndipo zotsatira za kuyeza madzi sizinkawafika eni mudzi.

Ku Dowa ndi ku Ntchisi kulibe mgodi wa malasha. Malasha athu amakumbidwa kumpoto, monga ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi m'boma la Rumphi. Komabe nkhani ya Mwabulambo ikuwakhudza anthu a m'mapiri amenewa, chifukwa migodi ikusendera. Ku Katengeza m'boma la Dowa kuli miyala ya graphite yomwe idadziwika kalekale. M'madambo a kufupi ndi Mponela muli gypsum. Kwa oyandikana nawo, ku Kasiya m'boma la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals ikukonzekera mgodi waukulu wa rutile ndi graphite, ndipo Rio Tinto idagulamo masheya mu 2023. Yonseyi ndi miyala yokumba kuchokera pamwamba, mochita kusenda nthaka.

Mgodi wotere umalimbana ndi madzi tsiku ndi tsiku. Dzenje likazama kupitirira pomwe pali madzi a pansi, madziwo amathamangira m'dzenjemo, kampani n'kumawapopa usana ndi usiku kuti makina agwire ntchito. Zitsime ndi mijigo ya m'midzi yoyandikana imatha kuyamba kuphwa. Dzinja likafika, mvula imakokolola dothi lofukulidwa kupita nalo kumadimba ndi kumitsinje. Pa malasha pamawonjezekera vuto lina: mwala wa pyrite ukakumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa asidi, asidiyo n'kusungunula zitsulo za m'miyala, madzi n'kusanduka ofiirira ngati dzimbiri. Zimenezi zimatha kupitirira zaka zambiri mgodi utatsekedwa.

Njira zopewera n'zodziwika. Pamakumbidwa ngalande zopatutsa madzi a mvula kuti asalowe pamgodi, madzi akuda amasungidwa m'madamu kuti matope adikhe, asidi amathetsedwa ndi laimu, ndipo dothi lachonde limaunjikidwa padera kuti lidzabwezeredwe. Zonsezi zimadya ndalama, n'chifukwa chake ndi zomwe zimayamba kusiyidwa mitengo ya miyala ikatsika.

Kunena chilungamo, dothi la ku Kasiya ndi lofewa, losafuna kuphulitsa miyala, ndipo kampani ya Sovereign Metals idayesa kale kukwirira dzenje n'kubzalapo mbewu. Ndi chiyambi chabwino. Koma munda woyesera si umboni wa zomwe zidzachitike pa zaka zoposa makumi awiri za kukumba ndi kutsuka dothi.

Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi mutu wa madzi. Timitsinje tochokera kumeneku timathira mu Bua, mtsinje womwe umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, momwe nsomba za mpasa zimakwera kudzaswana. Tina timatsikira kunyanja. Matope othiridwa kumtunda amakafika kwa mlimi wa tomato ndi kabichi kudimba, kenako kwa msodzi amene sadzaliwonapo dzenje la mgodiwo.

Malamulo alipo, ndipo si ofooka. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA, lomwe limayenera kuvomereza kafukufuku wa momwe ntchito ikhudzire chilengedwe ndi anthu isanayambe. Lamulo la madzi la 2013 limafuna chilolezo cha National Water Resources Authority kwa wotunga madzi ochuluka kapena wotaya madzi akuda mumtsinje. Pali lamulo la migodi la 2023, komanso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Chomwe chimasowa ndi woyendera wofika pamgodi mu Januwale, msewu uli matope okhaokha, osati mu Ogasiti pomwe ngalande zili gwa.

Choncho makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, mafumu ndi makomiti a chitukuko asadikire chikatapila. Mijigo, zitsime ndi mitsinje ya m'madera omwe muli ziphaso zofufuza miyala iyezedwe tsopano, m'chilimwe ndi m'dzinja, ndi akatswiri osasankhidwa ndi kampani. Popanda muyezo woyambawu, mudzi ukadzadandaula kuti madzi asintha, kampani idzangoyankha kuti adali choncho kale, ndipo mlandu udzathera pomwepo. Zotsatira zimatidwe pa chipatala ndi pa bwalo la gulupu, m'Chichewa, kuti mayi wotunga pamjigo aziwerenge yekha kapena mwana wake amuwerengere.

Ndalama zokwiririra maenje nazo zisungitsidwe ku boma ntchito isanayambe, ndipo kuchuluka kwake kulengezedwe pa msonkhano wa khonsolo. Eland itachoka ku Mwabulambo, anthu adatsala opanda wom'gwira pamkono kuti akwirire maenje aja.