Zotsala za Khrisimasi zikumane ndi nkhwani wa m'munda

Alimi anzanga a kuno ku Kasungu, kalendala yathu ili ndi nkhanza zake. Madyerero awiri aakulu, Khrisimasi ndi Nyuwere, amafika pakhomo penipeni pa miyezi ya njala. Ndalama za fodya zinalowa pakati pa Epulo ndi Ogasiti, ndipo zinathera ku feteleza, fizi ndi ngongole. Chimanga m'nkhokwe chafika pansi, cha m'munda sichinamasule n'komwe. Komabe pa 25 Disembala timasonkherana kupha mbuzi, timagula mpunga wa ku Nkhotakota, botolo la mafuta ophikira, buledi ndi Sobo, n'kudya zonse dzuwa limodzi. Pofika sabata yachiwiri ya Januwale, mwana yemwe anatupidwa ndi nyama uja akudya nsima ndi masamba ongowiritsa ndi mchere basi.

Sindikuti tileke kusangalala ayi. Munthu amene wakhala akuthirira nazale kuyambira Seputembala, kupanga mizere ndi kuwokera fodya pamvula, ayenera kudya bwino tsiku limodzi osafunsidwa mafunso. Mfundo yanga ndi iyi: nyama, mafuta ndi msuzi wa pamadyerero zimagwira ntchito yaikulu m'thupi zikamalowa pang'onopang'ono mumphika wa ndiwo zamasamba kwa masiku angapo, kusiyana ndi kuzimeza zonse tsiku limodzi. Ndipo mwamwayi, nthawi imene zotsala zimenezi zimapezeka ndi yomweyo imene nkhwani, bonongwe, chisoso, luni ndi denje zili mbwee m'minda, zaulere.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Masamba obiriwira ali ndi chinthu chimene thupi limachisandutsa vitamini A, uja amateteza maso ndi kuthandiza mwana kulimbana ndi matenda. Koma chinthu chimenechi chimalowa bwino m'thupi pokhapokha chikayenda ndi mafuta. Nkhwani wongowiritsa ndi madzi ndi mchere amadzaza mimba, koma gawo lalikulu la phindu lake limangodutsa. Agogo athu sankadziwa dzina la vitamini, koma ankatendera ndiwo. Pafupifupi theka la njere ya mtedza ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi chakudya chomanga thupi. Mtedza wa CG7, umene unatulutsidwa mu 1990, uli ndi mafuta ambiri kuposa Chalimbana wathu wakale. Chimodzimodzinso ndi ayironi, wowonjezera magazi uja: wa m'masamba amavuta kulowa m'thupi, koma kanyama pang'ono kapena tomato mumphika momwemo zimamutsegulira njira. Choncho tizidutswa titatu ta nyama ya mbuzi todulidwa ting'onoting'ono mumphika wa bonongwe si umphawi. Ndi kaphikidwe kanzeru kuposa mbale yodzaza nyama yokhayokha.

Izi si nkhani zongocheza. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Kupinimbira sikubwera chifukwa chosowa phwando. Kumabwera chifukwa cha mbale ya tsiku ndi tsiku, makamaka ya Januwale ndi Febuluwale.

Tsono ntchito imayamba mbuzi ija isanalowe mumphika. Zotsala zabwino ndi zimene mwazipatula dala m'mawa, osati zimene zatsala m'mbale alendo atapisamo manja. Pagawo lanu la nyama, patulani chigawo chimodzi, muchilenge timizere topyapyala, muthire mchere, muwambe pamoto wamakala mpaka chiume. Nyama yowamba bwino, yomapachikidwa pamwamba pa moto ndi kumaiwambanso tsiku lililonse, imakufikitsani kutsidya kwa Nyuwere popanda filiji. Chiwindi chokha musachisunge. Chiphikeni tsiku lomwelo ndipo chipite kwa ana. Ndikudziwa mwambo wake: nthutumba ndi chiwindi n'za bambo, ana alandire mutu ndi zipalapasiro. Abambo anzanga, pachiwindi pokha tiyeni tigonje. Palibe chiwalo china cha mbuzi kapena nkhuku chimene chili ndi vitamini A wochuluka ngati chimenechi, ndipo amene akuchifuna kwambiri ndi uja wa zaka ziwiri.

Mafupa musaponyere galu msanga. Madzulo omwewo abwezereni pamoto ndi madzi ndi mchere, awire ndithu, ndipo m'mawa muwawiritsenso musanagwiritse ntchito. Msuzi umenewo ndiye madzi ophikira nkhwani. Sadzulani nkhwani wanthete, muduledule, muponye mumsuzi wowira pamodzi ndi tizibwente ndi chiluwe ngati zilipo, tomato mmodzi, kenaka nsinjiro pamwamba. Mphindi zochepa zakwana. Ndiwo zimenezi, pamodzi ndi nsima ya mgaiwa ndi mango limodzi lakumapeto kwa nyengo, zakwanitsa magulu onse asanu ndi limodzi amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zamafuta ndi zipatso. Mbale ya pa Khrisimasi yeniyeniyo, ya mpunga, nyama ndi Fanta, siyifikapo.

Botolo la mafuta nalo lisathere kukazinga nkhuku imodzi. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tikudziwa mmene mafuta ophikira amawawira kugula. Supuni imodzi pamphika wa masamba ndi yokwanira kugwira ntchito ndanena ija. Mafuta amene atsala mu felempani mutakazinga nyama, kazingiranimo anyezi ndi chisoso. Akatha, ngumbi zilipo nyengo ino, ndipo zili ndi mafuta awoawo. Zisinjeni pang'ono n'kuwaza m'phala la mwana.

Koma pali chotsala chimodzi chimene ndimachiopa, ndicho mpunga. Nsima yogona tinaizolowera, ndipo mkute timauwotcha bwino pamakala kapena kuuphwanyira m'madzi owira kuti ukhale phala lothira nsinjiro. Mpunga ndi wina. Uli ndi tizilombo tina tosafa ndi kuphika koyamba. Mpunga ukakhala mumphika wovundikira usiku wonse m'chifundizi cha Disembala, tizilomboti timaswana n'kusiya poizoni amene satha ngakhale mutenthetsenso, ndipo kawirikawiri samveka fungo. Ana ambiri amene amasanza ndi kutsegula m'mimba pa 26 Disembala timawanamizira kuti anadya mopitirira muyeso. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Kumudzi kopanda magetsi, njira yake ndi imodzi: phikani mpunga wokwana chakudya chimodzi, wina ukhale m'thumba wosaphika, pakuti kumeneko suwonongeka. Wotsala masana uyaleni m'mbale yaikulu kuti uzizire msanga, muuvundikire ndi nsalu yoyera, ndipo madzulo omwewo muukazinge mpaka utenthe kwambiri pamodzi ndi kabichi, anyezi, mpiru ndi dzira limodzi. Ukagona, ndi wa nkhuku. Kabichi wosaphika wothira mayonesi uja, amene wafika ndi abale a m'tauni, akatsala tayani osamva chisoni. Tisaiwale kuti kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo anakula kwambiri nyengo yomwe ino ya mvula ndi madyerero.

Mawu amodzi pa soda ndi chidulo. Patherere sinditsutsa, pakuti therere lopanda chidulo si therere. Koma chizolowezi chothira soda mu nkhwani wanthete ndi bonongwe kuti zipse msanga chimaononga mavitamini ena amene tikuwafunawo. Masamba anthete safuna soda. Thyolani nsonga, osati makolo ake.

Wina anena kuti, "Inu a zaulimi mukukamba za zotsala, ife kwathu kunalibe n'chotsala chomwe." Ndi zoona. M'midzi yambiri ya ku Chamama, Santhe, Chulu ndi Nkhamenya, ndiponso m'misasa ya antchito a m'maesiteti, Khrisimasi imadutsa ndi tiyi wa buledi basi. Amene anaona njala ya 2002, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pangozi ndipo Kasungu anali mwa maboma okhudzidwa kwambiri, safuna kuphunzitsidwa za Febuluwale. Kwa mabanja otere, chotsala chenicheni chili m'munda. Ndi masamba amene amachuluka kuposa mphika kwa miyezi itatu, kenaka n'kusoweratu kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba kwa aliyense wopanda dimba.

Apa ndiye pamene ndimadabwa nafe anthu a ku Kasungu. M'Malawi muno ndi ochepa amene amadziwa kuumitsa tsamba kuposa ife. Timadziwa tsamba lokhwima ndi losakhwima. Timadziwa kusoka, kupachika pamikangala motalikanitsa kuti mphepo idutse, kufolera chigafa kuti chisadonthe, kuona nkhungu isanafalikire. Timadzuka usiku mvula ikamawomba cham'mbali. Luso lonseli timalipereka kwa tsamba limene tikagulitse ku Chinkhoma kapena ku Kanengo pamtengo umene wogula atchule yekha, pamene tsamba limene mwana wathu angadye mu Okutobala likuwolera m'mizere. Mfutso tinausiyira agogo, ndipo achinyamata ena amauyesa chakudya cha osauka.

Kufutsa n'kosavuta kuyerekeza ndi fodya. Khwanya, chitambe, nkhwani ndi bonongwe zimafutsika bwino. Thyolani masamba anthete, mutsuke, muwaviike m'madzi owira othira mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, osati kuwaphika mpaka afewe. Kuviika kumeneku kumathandiza kuti asunge mtundu ndi mphamvu yake. Akhetseni madzi, muyanike mopyapyala pathandala kapena pamphasa yokwezeka, pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu limawaumitsa msanga koma limawotcha vitamini A. Akauma mpaka kumathetheka m'manja, amangeni m'zikwatu za masamba a msuku kapena muike mumtsuko wouma wotseka bwino. Kunena zoona, vitamini C ambiri amatayika pofutsa. Koma ayironi ndi zina zolimbitsa mafupa zimatsala, ndipo mfutso wotendera mu Okutobala umaposa kutali nsima yodyera mchere. Mu Januwale mvula ikamagwa tsiku ndi tsiku, musakakamize, angachite nkhungu. Dikirani kang'amba ka masiku atatu, ndipo ntchito yaikulu muichite kumapeto kwa Febuluwale ndi mu Malichi pamene khwanya ndi chitambe zachuluka. Bowa wodziwika bwino monga utale nayenso amafutsika. Amene simukumudziwa msiyeni kutchire komweko.

Chenjezo kwa ife a fodya: mfutso usayanikidwe m'chigafa mmene muli fodya, kapena pachiguduli chimene munasankhirapo fodya. Tengani nzeru ya chigafa, osati chigafa chenichenicho. Kathandala kofolera ndi udzu kuseri kwa khitchini n'kokwanira. Ndipo amene wachoka kothyola fodya asambe m'manja ndi sopo asanagwire ndiwo, pakuti utomoni wakuda uja uli ndi chikonga.

Vuto lenileni ndi nthawi ndi nkhuni, osati umbuli. Mu Januwale mayi yemweyo ndiye akupalira, akubandira, akupita kuganyu, akutunga madzi, ndipo nkhuni kuno zinapita ndi mabalani ndi zigafa. Kumuuza kuti awonjezere kufutsa pamwamba pa zonsezi ndi chipongwe, pokhapokha wina amulandire katundu wina. Bambo amene zala zake zimatha kusoka fodya tsiku lonse sangalephere kusadzula nkhwani madzulo, kapena kumanga thandala la mitengo inayi. Pankhuni, madzi oviikira masamba akhale omwe mwatereka kale pophika, musanathire ufa kapena pamoto wotsala mukaphula nsima.

Chinanso ndimachiona poyenda m'minda ndi kuchepa kwa ndiwo zomera zokha. Mankhwala opha udzu afala, ndipo ndi othandiza kwa mlimi wosowa aganyu, koma sasiyanitsa kaufiti wa udzu ndi bonongwe, chisoso kapena luni. Munda woyera mbee umasangalatsa maso a mlangizi, koma mphika umalira. Siyani mizere iwiri kapena itatu kumalire kwa chimanga yosapopera, mubzalemo maungu, nyemba ndi khobwe, ndipo bonongwe wina mumusiye achite njere. Ndiwo zomera m'munda wa fodya kapena m'mabedi a nazale, kumene mwathira mankhwala a tizilombo ndi a mphukira, musathyole ngakhale zitanona bwanji. Bonongwe amakonda kumera pamene pali feteleza wambiri, ndiye n'chifukwa chake ana amathamangira komweko. Auzeni.

Kwa eni maesiteti, pempho langa ndi laling'ono. Banja lililonse la antchito lipatseni kachigawo ka malo kutali ndi fodya, mizere khumi yokha, ndi kambewu ka maungu ndi khobwe mvula yoyamba ikagwa. Simutayapo belo ndi limodzi lomwe, ndipo amene adzathyole fodya wanu mu Febuluwale adzakhala atadya ndiwo.