Kamera ya Liŵiro Iikidwe Poyera

Misewu ya ku Salima si ya galimoto zokha ayi. Pa Kamuzu Road ndi pa Kaphatenga, m'mphepete mwa phula mumadzaza anyamata a kabaza, amayi osenza madengu a usipa ndi ana a sukulu. Loŵeruka zinthu zimanyanya, pamene alendo ochokera ku Lilongwe amathamangira ku Senga Bay ngati kuti nyanjayo iphwa asanafike.

Apolisi a pamsewu amayesa liŵiro ndi makina a m'manja, ndipo ntchitoyo ndi yofunika. Koma wapolisi ndi munthu: amatopa, amaŵeruka. Madalaivala nawonso amatsinana khutu pophethiritsa nyali, nachepetsa liŵiro kwa kamphindi, kenaka n'kupondanso mafuta. Chofunika ndi kamera ya kanema yokhazikika pa mtengo wachitsulo, usana ndi usiku, chikwangwani chochenjeza chili patsogolo pake.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi masamu amene mwana wa Fomu 1 amawadziŵa: liŵiro ndi mtunda wogaŵidwa ndi nthaŵi. Kamera wamba imajambula zithunzi 25 pa sekondi imodzi. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi. Tsono pakalembedwa mizere iŵiri pamsewu, yotalikirana mamita 14, galimotoyo idzaoneka m'zithunzi 25 pakati pa mizereyo. Ikaoneka m'zithunzi 12 kapena 13 zokha, ndiye kuti ili pafupi ndi makilomita 100, ndipo mabuleki ake adzafuna mtunda wochuluka kanayi kuti iime. Mphunzitsi angathe kuphunzitsa zimenezi ndi choko ndi chingwe, ndipo dalaivala wokana mlandu angathe kudziŵerengera yekha zithunzizo.

Ena adzati kuika chikwangwani ndiko kuululira mbava. Iwo aiŵala kuti cholinga si kuchulukitsa malisiti a chindapusa, koma kuti mwana awoloke msewu ali wamoyo. Ena adzadandaula za magetsi. Chikhalirecho dzuŵa la ku Salima lomweli lakhala likupatsa dziko magetsi okwana mamegawati 60 kuyambira 2021, ndipo kamera imodzi ingofuna kasola kakang'ono.

Vuto lenileni lili pa njinga zamoto. Kamera imazindikira wolakwa poŵerenga nambala, ndipo zambiri mwa njingazi zimayenda zopanda nambala, zitanyamula anthu atatu.