Anakumba kwathu, mapepala ali ku Berkeley

Wofukula zakale amawononga chimene akuchifufuza. Akachotsa dothi pang'onopang'ono mpaka kufika pansi, dzenjelo silingakumbidwenso kachiwiri. Chimatsala ndi kope lake, momwe analembamo kuti mwala wosema unali pakuya bwanji, makala anali mbali iti, fupa linagona chotani. Kopelo likakhala kutali, malowo nawonso amakhala kutali ndi ife, ngakhale tizipondapo tsiku ndi tsiku.

Nchifukwa chake nkhani ya mapepala a J. Desmond Clark imandisowetsa mtendere. Mkuluyu anabadwira ku London mu 1916, ndipo anayang'anira nyumba yosungira zakale ya Rhodes-Livingstone ku Zambia kwa zaka zoposa makumi awiri, mpaka 1961 pamene anakaphunzitsa pa yunivesite ya California ku Berkeley. Ndiye anayamba kukumba pa mathithi a Kalambo mu 1953. Kwathu kuno anakumba pamudzi wa Mwanganda ku Karonga mu 1965 ndi 1966, pomwe anapeza mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala. Mu 1972 anakumba m'phanga la zojambula la Mwana wa Chentcherere ku Dedza, m'dera la Chongoni lomwe UNESCO inalilemba pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Anamwalira mu 2002, ndipo mapepala ake akusungidwa ku laibulale ya Bancroft ku Berkeley komweko.

Sindikunena kuti Clark anali wakuba. Anasindikiza zimene anapeza, ndipo anaphunzitsa ana a mu Afrika muno, mmodzi wa iwo ndi Yusuf Juwayeyi amene pambuyo pake anakumba ku Mankhamba. Koma taonani za Mwanganda. Clark ankati anthu akale anasendera njovu pamalopo. Patapita zaka zoposa makumi anayi, ofufuza ena anabwerera, anaunikanso dothi, ndipo anakayikira zimenezo. Mkangano wotere umatha pokhapokha munthu atayala zolemba zoyambirira pathebulo n'kuziwerenga mzere ndi mzere. Wophunzira wa ku Zomba amene akufuna kutero ayenera kupeza kaye chitupa cha visa ndi tikiti ya ndege. Mnzake wa ku California angokwera basi.

Ena akuti ku America mapepala amasamalidwa bwino, kuno angadyedwe ndi chiswe. Nkhawayo ndimaimva, pakuti ndinaonapo ndi maso anga mafailo atanyowa ndi denga lodontha mu ofesi ina, masamba atamatirirana ngati chikondamoyo. Koma manyazi amenewo ndi athu, ndipo mankhwala ake ndi kukonza denga. Komanso palibe akupempha kuti makatoni onse akwezedwe m'sitima. Kamera ndi kompyuta zikwanira. Chilichonse chokhudza Karonga ndi Dedza, kaya ndi kalata, mapu kapena chithunzi, chijambulidwe, ndipo makope aikidwe ku National Archives ku Zomba, ku nyumba ya zakale ya Karonga ndi pa intaneti. Mwina m'menemo tingapezenso mayina a anthu akumudzi amene ankasefa dothi padzuwa, omwe mabuku ofufuza satchula kawirikawiri.

Akuluakulu a nthambi yoona zakale, musadikire kuti a ku Berkeley atikumbukire okha. Lembani kalata yopempha makopewo chaka chino, ndipo mutiuze poyera zomwe akuyankheni.