ZA M'NKHOKWE: Nkhuku ya M'citini

Anzanga alimi, sabata ino tikambe za nkhuku yathunthu yophikira m'citini, imene alendo ena amatenga popita kukagona m'mahema pa phiri la Zomba. Kodi ife tiigule ya kusunga?

Ubwino wace ulipo. Nzeru yosunga cakudya cotere inayamba ndi Nicolas Appert wa ku France, amene anaibukitsa mu 1810. Nyama itsekeredwa, niphikidwa ndi moto waukulu wakupha tizirombo, ndipo ikhala zaka osabvunda. Mvula ikanyowetsa nkhuni ku Chawe, mlendo angotsegula nadya.

Koma taonani kuipa kwace. M'citinimo mwaculuka madzi ndi mafupa, ndipo nyama yace iri yolobodoka. Wokwera phiri loposa mamita 2,000 asenza madzi, pamene mtsinje wa Mulunguzi uli pomwepo. Matemba ouma a ku Chilwa apepuka, natsika mtengo. Citini cikatsegulidwa, ndiwo zithe tsiku lomwelo. Cikatupa kapena kudontha, musalawe konse. Kwirirani pansi, pakuti ululu wace umapha.

Kwa ife a kumudzi, nkhuku yosungika bwino ndiyo yoyenda pabwalo. Idzifunira yokha cakudya, niikira mazira, niswa anapiye. Citini siciswa. Mdani wace wamkulu ndiye citopa, cimene citha kupululutsa khola lonse, makamaka m'nyengo yotentha. Cifukwa cace ndalama ya citiniyo gulirani katemera wodonthetsera m'diso. Funsani alangizi a ziweto citopa cisanafike. Mlendo akadza madzulo, mudzangotuma mwana kukhola.