Timakumba yureniyamu, koma pokambirana za mabomba sitipezekapo

Mnzanga wina atanena m'kalasi kuti akufuna kudzachita kafukufuku wa zida za nyukiliya ndi chitetezo cha mayiko, anthu anafa nacho chiseko. "Aise, kwanu magetsi amangothimathima, za mabomba uzitani?" Ine ndikuti olakwa ndi osekawo.

Yureniyamu wambiri wa bomba limene linagwa pa Hiroshima mu 1945 anachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Congo. Mu 1960 dziko la France linayesera bomba lake loyamba m'chipululu cha ku Algeria. Kuno kwathu mgodi wa Kayelekera ku Karonga unayamba kutulutsa yureniyamu mu 2009. Ndiye wina aziti nkhaniyi ndi ya azungu okha?

Mfundo imene akatswiri a ntchitoyi amalimbana nayo ndi yakuti ukakhala ndi bomba, mdani sangakuyambe, poti akudziwa kuti nayenso apsa. Potsamira mfundo imeneyi, mayiko 9 akusunga mabomba pafupifupi 12,000, ambiri mwa iwo ali ku America ndi ku Russia. Amene amawerenga zidazi ndi kuunika mapangano amagwira ntchito ku SIPRI ku Stockholm kapena ku UNIDIR ku Geneva, ndipo oyendera malo a nyukiliya ali ku IAEA ku Vienna.

Komatu Africa ili ndi umboni wotsutsa mfundoyi. South Africa inapanga mabomba 6 kenako n'kuwaphwasula yokha, monga F.W. de Klerk anaululira mu 1993. Pangano la Pelindaba la mu 1996 linaletsa zida za nyukiliya mu Africa muno. Ngati ife sitifufuza ndi kulemba za zimenezi, atilembera ndani? Popanda akatswiri athu, nthumwi zathu zizingowerenga mapepala olembedwa ndi eni mabomba n'kuomba m'manja.

Sindikunamizani: malo a ntchito ndi ochepa, ndipo ndalama zambiri za kafukufukuyu zimachokera kumayiko a mabomba omwewo. N'zotheka kupita kunja n'kubwerako uli chinkhwe, wongobwereza zimene wamva. Koma kukhala kutali sikuthetsa vutoli. Chofunika n'kulowamo uli ndi mafunso ako: amene anakumba miyalayo anapindulanji? Utsi wa nkhondo ya nyukiliya ukaphimba dzuwa, chimanga cha ku Kasungu chidzacha?

Inu a zamalamulo, zandale, mbiri ndi fizikisi, yambani ndi Pelindaba kapena Kayelekera pa kafukufuku wanu wa chaka chomaliza. Oseka asekebe.